Kupanga texture yopanda msoko pa GIMP, Photoshop kapena Krita

Tsiku lina ndinajambula udzu wobiriwira bwino kuti ndiuyale pabwalo la mpira limene ndinkamanga mu Blender, pulogalamu yopangira zinthu za 3D. Ndinachezera usiku wonse kufufuta msoko mpaka sunkaonekanso ngakhale nditakulitsa chithunzicho kanayi. Nditachiyala pabwalo lonse, mtima unangoti myuu. Katsamba kamodzi kachikasu, kamene sindinkakaona n'komwe pamene ndinkagwira ntchito, kanandandalika ngati asilikali pa perete, mzere uku mzere uko, mpaka kugolo. Kuwonjezera apo, mbali imodzi ya chithunzi inali yowalirapo kuposa inzake, ndiye bwalo lonse linaoneka la mizeremizere yowala ndi yakuda. Msoko umene ndinauchezera uja unalibe vuto lililonse.

Texture yopanda msoko ndi chithunzi chimene mukachiyala mobwerezabwereza ngati matailosi, diso silipeza pamene chimodzi chathera ndi pamene chinzake chayambira. Mbali ya kumanja imapitiriza ndendende zimene zili kumanzere, ya pansi imapitiriza za pamwamba. Opanga masewera a pakompyuta amakuta nazo makoma ndi misewu, ojambula mapulani a nyumba amaonetsa nazo njerwa ndi matabwa, ena amaziika kumbuyo kwa tsamba la pa intaneti kapena kusindikiza pansalu. Ambiri akamayamba amathamangira kubisa mzere wolumikizira uja, koma mzerewo ndi mbali yosavuta. Chimene chimaulula kuti chithunzi chikubwerezedwa ndi kuwala kosafanana ndi tinthu todziwika msanga. N'chifukwa chake m'malangizowa tichedwa kwambiri tisanafike n'komwe pamsoko.

GIMP, Photoshop ndi Krita ndi mapulogalamu okonzera ndi kujambulira zithunzi. Ndigwiritsa ntchito GIMP chifukwa ndi yaulere ndipo aliyense akhoza kuiika pakompyuta yake. Mayina a menyu ndi a GIMP 2.10 ndi zotsatira zake. Pamene Photoshop ikusiyana ndinena.

Yambani ndi chithunzi chimene sichikuvutitsani

Ngati mukujambula nokha, dikirani tsiku la mitambo kapena pezani malo a pamthunzi. Dzuwa la phwee limaika mthunzi wakuda pansi pa kamwala kalikonse, ndipo mthunziwo umalowa m'chithunzi mpaka kalekale. Mukadzaika texture yotere mu 3D n'kuyatsa nyali kuchokera mbali ina, mithunzi idzatsutsana, ya m'chithunzi ikuloza kumanzere, ya nyali ikuloza kumanja.

Kamera iyang'ane khoma kapena pansi molunjika, osati chammbali. Musayandikire kwambiri. Kamera ya foni imaona malo aakulu, ndiye mukaiyandikiza imapinda mizere ya m'mphepete ngati uta. Bwererani m'mbuyo masitepe angapo, mujambule malo okulirapo kuposa amene mukufuna, kenako mudzadule pakati. Pakati m'pamene chithunzi chimakhala chakuthwa, ndiponso makamera ambiri amadetsa pang'ono m'ngodya zinayi. Mukadula ngodyazo mwachotsa kale theka la vuto la kuwala.

Poyeserera koyamba sankhani chinthu chopanda dongosolo: mchenga, dothi, miyala ing'onoing'ono, phula la pamsewu, pulasitala. Njerwa ndi matabwa zili ndi malamulo akeake, tizikamba m'munsimu.

Wongolani, dulani, chepetsani

Tsegulani chithunzi. Ngati mukuona kuti mbali ina ikupita ikuchepa, ngati mmene msewu umaonekera ukamapita kutali, wongolani ndi chida cha Perspective, chimene mu GIMP mumachiitana ndi Shift+P. Kokani ngodya mpaka tinthu ta pamwamba tikhale tofanana kukula ndi ta pansi. Mukalumpha apa, miyala ya pansi idzakhala ikuluikulu, ya pamwamba ing'onoing'ono, ndipo pokumana pake palibe burashi imene idzaziyanjanitse.

Kenako dulani kuti mbali zonse zinayi zifanane. Pa chida cha Crop, chongani Fixed, musankhe Aspect ratio, mulembe 1:1. Mukadula, pitani ku Image > Scale Image muike mapikiselo (timadontho timene timapanga chithunzi) 1024 mopingasa ndi 1024 motsika. Manambala onse amene ndizitchula akuchokera pa kukula kumeneku.

Mwina mukudabwa kuti bwanji 1024 osati 1000. Manambala a 256, 512, 1024, 2048 ndi 4096 amagawika pakati mobwereza mpaka kufika pa 1 popanda chotsala. Pulogalamu ya masewera imasunga timakope ta texture iliyonse, kena theka, kena theka la theka, kuti izigwiritsa ntchito pamene chinthu chili patali. Timakopeti amatitcha mipmap, ndipo timatuluka bwino ngati nambala ikugawika chotero. Makompyuta a masiku ano amalandira kukula kwina kulikonse, koma chizolowezichi chidakalipo ndipo palibe chifukwa cholimbana nacho. Ngati texture yanu ndi ya pa tsamba la intaneti kapena yosindikiza, lamuloli silikukhudzani. Ingoonetsetsani kuti nambala ikugawika ndi 2.

Pali kamsampha apa kamene kamakola ambiri. GIMP yatsopano ikadula, sitaya zimene mwadula. Imangozibisa kuseri kwa malire a chithunzi pokhapokha mutachonga Delete cropped pixels. Photoshop nayonso ili ndi kabokosi ka dzina lomweli. Zobisikazo zikatsala, mukadzasuntha chithunzi zidzatulukira ndipo msoko umene mudzaone udzakhala wabodza. Mu GIMP dinani Layer > Layer to Image Size musanapitirire, basi nkhani yatha.

Salazani kuwala

Chepetsani chithunzi pa sikirini mpaka chikhale ngati bokosi la machesi, kenako tsinzinirani pang'ono. Tinthu ting'onoting'ono tisowa, patsala madera owala ndi akuda. Mwina muona kuti pamwamba kumanzere kukuwala, pansi kumanja kwada, kapena pakati pali chigamba chotuwa. Pachithunzi chimodzi zimenezi sizisokoneza aliyense. Koma mukayala makope 25, diso limalumikiza madera akudawo kukhala mizere, ndipo munthu amaona matailosi ali chapatali ngakhale msoko utafufutidwa bwinobwino.

Njira imene ndimaikhulupirira ndi iyi. Pangani kope la layer yanu ndi Shift+Ctrl+D (ma layer ali ngati mapepala osanjikizana amene amapanga chithunzi). Pa kopelo chotsani mitundu kudzera ku Colors > Desaturate kuti likhale lakuda ndi loyera. Kenako pitani ku Filters > Blur > Gaussian Blur mukweze nambala mpaka miyala kapena udzu zisaonekenso, patsale chimbuuzi chokhachokha cha madera owala ndi akuda. Pachithunzi cha 1024 ndimayambira pa 80 n'kumakweza. Mukatero dinani Colors > Invert. Tsopano pamene panali powala pada, pamene panali pakuda pawala. Sinthani Mode ya layer imeneyi kukhala Overlay.

Chikuchitika n'chakuti layer ya pamwamba ikudetsa malo amene anawalitsa ndi kuwalitsa malo amene anadetsa, koma chifukwa ndi ya chimbuuzi, sikukhudza kamwala kalikonse pakokha. Sewerani ndi Opacity, imene imalamulira mphamvu ya kuonekera kwa layer ya pamwambayi. Mukaona kuti chithunzi chafa, chikuoneka ngati chosamba phulusa, tsitsani. Ngati mbali ina ikadali yakuda, pangani kope lina la layer ya Overlay yomweyo. Mukakhutira, phatikizani zonse ndi Image > Flatten Image.

Kukula kwa blur ndi kumene kumafuna maso. Mukaika nambala yaing'ono, kamwala kalikonse kamazunguliridwa ndi kamkombero kowala ngati mwezi wa mitambo. Mukaika yaikulu kwambiri, zigamba zapakatikati zimapulumuka. Lamulo langa ndi loti blur ikule kuposa chinthu chachikulu chimene ndikufuna chikhalebe ndi mthunzi wake. Pa mchenga nambala yaing'ono imakwana, pa miyala ikuluikulu ndimakweza ndithu.

Mu Photoshop njira yomweyi imatheka ndi Ctrl+J, Shift+Ctrl+U, Gaussian Blur ndi Ctrl+I. Palinso yachidule: Filter > Other > High Pass, kenako nthawi yomweyo Edit > Fade High Pass, n'kusankha Luminosity pa Mode kuti mitundu isatuwe. GIMP nayo ili ndi High Pass pansi pa Filters > Enhance, koma imakokera mitundu ku phulusa, ndiye mumayenera kuibwezeretsa pambuyo pake.

Mitundu nayonso imasiyana m'chithunzi chimodzi. Udzu wa mbali ina umakhala wobiriwira kwambiri, wa mbali ina wopita kuchikasu. Ngati zili choncho, bwerezani njira ija koma osachotsa mitundu pa kope. Invert idzatembenuzanso mitundu, ndipo Overlay idzaikokera pakati. Opacity ikhale yotsika chifukwa njirayi imasuluka msanga.

Chotsani zokopa maso

Mudakali pachithunzi chochepetsedwa chija, dzifunseni kuti diso lanu likuyamba kugwera pati. Pamenepo ndi pamene pali katsamba kachikasu kanu. Ukhoza kukhala mng'alu, mwala woyera pakati pa yakuda, dontho la penti, kachitsotso ka ndudu. Chilichonse chimene mungachiloze ndi chala n'kunena kuti "icho" chiyenera kuchoka.

Zimawawa, chifukwa nthawi zambiri chinthu chimenecho n'chimene chinakukopani kuti mujambule. Mng'alu wokongola pakhoma umapatsa chithunzi moyo. Koma mng'alu womwewo ukaoneka pa mita iliyonse ya khoma lalitali umasanduka chidindo. Ngati mukuukonda, udulireni pa fayilo ina ya PNG yopanda kumbuyo, mudzauike kamodzi pamalo amene mukufuna.

Chida cha Heal, batani la H, chimachita bwino ntchito imeneyi. Gwirani Ctrl mudine pamalo abwino oti mutengepo, kenako pakani pachilemacho. Mu Photoshop ndi Healing Brush, ndipo potenga mumagwira Alt.

Bweretsani msoko pakati

Tsopano tafika pamsoko. Pitani ku Layer > Transform > Offset, kapena Shift+Ctrl+O. Pali batani losuntha ndi theka la mbali zonse ziwiri, lidineni, kapena lembani 512 pa X ndi 512 pa Y. Onetsetsani kuti mwasankha Wrap around. Mu Photoshop ndi Filter > Other > Offset, manambala omwewo, Wrap Around yomweyo.

Zimene zatuluka kumanja zalowera kumanzere, zimene zatuluka pansi zalowera pamwamba. Ngodya zinayi zakumana pakati, ndipo mukuona mtanda wa mizere iwiri, wina wopingasa wina wotsika. Mtanda umenewo ndiwo msoko umene ukanaoneka poyala. M'mphepete mwatsopano mulibe vuto, chifukwa mapikiselo amene ali kumanja ndi amene ali kumanzere anali oyandikana pakati pa chithunzi choyamba. Ndiye m'mphepetemo musakhudzemo.

Ngati munasalaza kuwala bwino, mtandawo uoneka mwapatalipatali, mwina kumafuna kuusakasaka. Ukaoneka ngati mbendera ya zigawo zinayi, china chowala china chakuda, musayambe kupaka. Bwererani ku gawo la kuwala. Ndinayesapo kubisa kusiyana kotere ndi burashi, ndipo chimene ndinapeza ndi mtanda wonenepa wa chimbuuzi m'malo mwa mtanda wowonda.

Kufufuta mtanda

Tengani chida cha Clone, batani la C, kapena Clone Stamp mu Photoshop, batani la S. Chimakopera mapikiselo kuchokera pamene mwadina mutagwira Ctrl kupita pamene mukupaka. Kulitsani chithunzi kufika 100 peresenti kapena kupitirira pang'ono.

Burashi yofewa kwambiri imanyenga. Imabisa mzere msangamsanga, koma m'mphepete mwake imasakaniza zithunzi ziwiri, ndiye mchenga umene unali wakuthwa umasanduka phala. Mukayala, simuona mzere koma muona njira ya chimbuuzi ikudutsa pamene panali mzere. Ikani Hardness cha m'ma 60 kapena 70, Opacity ikhale 100. Burashi yosakhala yozungulira bwinobwino, ya m'mphepete mokumbikakumbika, imabisala kuposa yozungulira.

Musatsate msoko ngati mukujambula mzere ndi rula. Dinani kamodzi kapena kawiri, sinthani potengera, dinaninso. Pena lowererani kumanzere kwa mzere, pena kumanja, pena pakani kachigamba kakakulu, pena kakang'ono. Cholinga n'choti malire a zimene mwapaka akhale okhotakhota, chifukwa diso limagwira msanga chilichonse chowongoka pakati pa zinthu zopanda dongosolo. Potengera pakhale patali ndi pamene mukupaka. Mukatenga pafupi, kamwala komweko kaoneka kawiri motsatizana ngati mapasa, ndipo mapasa otere akachuluka aliyense amadziwa kuti padutsa Clone.

Pa zosankha za chidachi pali Alignment. Mukasiya pa None, nthawi iliyonse mukadina chimabwerera pamalo oyamba aja, ndiye muzidinda kachidutswa kamodzimodzi. Aligned imachititsa kuti potengera paziyenda limodzi ndi burashi. Ine ndimaika Aligned koma ndimasinthabe potengera pafupipafupi.

Pa miyala yokulirapo, makungwa a mtengo kapena masamba ogwa, kupaka kokha sikukwana, chifukwa msoko wadula zinthu pakati. Muona theka la mwala wofiira litagundana ndi theka la mwala wotuwa. Apa ganizani ngati womanga. Sankhani mwala umodzi kuti upambane: malizitsani wofiirawo pokopera m'mphepete mwa mwala wina wofanana nawo, ukwirire wotuwa uja. Kapena zungulizani mwala wathunthu kwina ndi Free Select, batani la F, muike Feather, yofewetsa m'mphepete, ya mapikiselo 2 kapena 3, muukope n'kuumata pamwamba pa msoko. Utembenuzeni pang'ono kuti usafanane ndi mwini wake, koma osauzondotsa, chifukwa mthunzi wake udzaloza kosiyana ndi anzake. Miyala isanu kapena isanu ndi umodzi yoikidwa chotere imathyola mzere kuposa ola lathunthu lopaka.

Heal ibwere pomaliza, kusalaza pamene chigamba chasiyana kuwala ndi malo ozungulira. Imatenga kaonekedwe ka potengera koma kuwala ndi mtundu imatengera pamene mukupaka. Chenjerani nayo pafupi ndi malire a chinthu chakuda ndi chowala, chifukwa pamenepo imapaka utsi.

Mukamayandikira kumapeto a mikono ya mtanda, imani patatsala mapikiselo 20 kapena 30 kuti mufike m'mphepete. Mukapaka mpaka kumapeto, mwasintha mbali imodzi osasintha inzake, ndiye mwabala msoko watsopano.

Malo awiri amene amabisala

Apa m'pamene ambiri amapusitsidwa. Akamaliza mtanda amachitanso Offset ya 512 ndi 512, amaona pakati pali bwino, n'kusunga fayilo. Koma tizidutswa tija tinasiya kumapeto a mikono tili pakatikati pa mbali iliyonse, ndipo mukasunthanso ndi theka timangochoka pakati pa mbali ina kupita pakati pa mbali inzake. Sitibwera poyera.

M'malo mwake, mtanda udakali pakati, sunthani ndi 256 pa X ndi 256 pa Y. Tsopano tizidutswato talowa mkati. Ngakhale mikono inali inayi, malo ndi awiri okha, chifukwa ka pamwamba ndi ka pansi takumana, ka kumanzere ndi ka kumanja chimodzimodzi. Kamodzi mukapeza chakumtunda kumanja, pa 768 mopingasa ndi 256 motsika, kali kamzere kakafupi koimirira. Kenako kali chakumunsi kumanzere, pa 256 mopingasa ndi 768 motsika, kogona. Manambalawa GIMP imaonetsa pansi pa zenera pamene mukuyendetsa mouse. Tifufuteni monga munachitira ndi mtanda. Simukuyenera kubwezera chithunzi pamene chinali. Texture yopanda msoko ilibe poyambira, mukhoza kuisiya pamene yaima.

Yalani muone

Pitani ku Filters > Map > Tile, mulembe 4096 mbali zonse, musiye Create new image chochongedwa. Mupeza makope 16 pachithunzi chatsopano. Mu Photoshop, Edit > Define Pattern kenako mudzaze chithunzi chachikulu ndi pataniyo, kapena View > Pattern Preview, imene inabwera mu Photoshop 2021.

Yang'anani kawiri. Koyamba pafupi, kutsata pamene makope akumana, kufuna kamzere kalikonse kotsala. Kachiwiri patali, chithunzi chonse chikukwana pa sikirini, mwinanso mutaimirira n'kubwerera m'mbuyo. Kuyang'ana kwachiwiriku n'kumene kumanena zoona. Pafupifupi nthawi zonse mupeza chinachake: kadontho kakuda kobwerezeka, kanjira kowala kodutsa chopingasa, miyala itatu imene yapanga nkhope ya munthu. Diso likangoona nkhope imeneyo silidzasiyanso kuiona.

Bwererani ku chithunzi cha 1024, konzani, yalaninso. Kuzungulira katatu kapena kanayi si chachilendo. Koma dziwani polekera. Mukachotsa chilichonse chosiyana ndi chinzake, mutsala ndi chinthu chosalala ngati pepala la sandipepa, chopanda moyo. Kusiyana kwa tinthu ting'onoting'ono kusiyeni, kumene mukulimbana nako ndi kwa zigamba zikuluzikulu.

Njerwa, matailosi ndi matabwa

Zinthu za mizere zimafuna kuwerenga musanadule. Pakhoma lomangidwa mwa nthawi zonse, mzere uliwonse wa njerwa umasuntha ndi theka la njerwa poyerekeza ndi wa pansi pake, ndiye dongosolo limabwerera pakatha mizere iwiri. Chithunzi chanu chikhale ndi mizere 4, 6, 8 kapena nambala ina yogawika ndi 2. Mukadula 7, poyala mizere iwiri yofanana idzagundana, ndipo aliyense amene anaonapo khoma adzadziwa kuti palakwika.

Dulani pakatikati pa simenti ya pakati pa njerwa, pamwamba ndi pansi pomwe, kuti matheka awiri akakumana apange mzere umodzi wa kunenepa koyenera. Kumanzere ndi kumanja chitaninso chimodzimodzi pa mizere imene ikuthera pa simenti. Mizere inayo idzadulidwa pakati pa njerwa, ndipo mukachita Offset mudzapeza matheka awiri a njerwa zosiyana mtundu atalumikizana. Kopani njerwa yathunthu kwina muikwirire.

Kudula kotere kawirikawiri sikupereka mbali zofanana. Dulani motsata njerwa, kenako kokani chithunzi ndi Scale Image kuti chifike 1024 ndi 1024 ngati kusiyana kuli kochepa, kapena 1024 ndi 512 ngati ndi chachitali. Njerwa ikatalika pang'ono palibe amene adzazindikire. Chimene sichikhululukidwa ndi mzere wopendekeka. Kokani ma guide, mizere yokuthandizani kuwongola, kuchokera pa rula ya pamwamba ndi ya m'mbali, muwongole ndi Perspective mpaka simenti igone pa guide kuyambira kumanzere mpaka kumanja. Kupendekeka kwa mapikiselo 4 okha kumaoneka ngati sitepe pamsoko.

Pa matabwa, msoko wotsata utali wa thabwa ndi wosavuta, mumangoubisa mumpata wa pakati pa matabwa awiri. Wovuta ndi wodula mitsempha ya mtengo. Pakani motsata mitsemphayo ndi burashi yaitali yopyapyala, kulumikiza mzere ndi mzere, kapena jambulani polumikizira matabwa pamenepo ngati mmene pansi pa matabwa pamakhalira, thabwa lililonse likuthera pamalo osiyana ndi linzake. Mfundo za mtengo ndi anzake a katsamba kachikasu kaja. Siyani imodzi yosaonekera kwambiri kapena chotsani zonse.

Njira zachidule

GIMP ili ndi Filters > Map > Tile Seamless, imene kale inkatchedwa Make Seamless. Kudina kamodzi, msoko wapita. Imatenga kope losunthidwa ndi theka n'kulisungunulira m'mphepete mwa chithunzi. Pa mitambo, utsi, mchenga wosalala kapena pepala imagwira ntchito ndithu. Pa njerwa, miyala kapena nsalu yoluka imatulutsa mizukwa, zinthu ziwiri zikuonekera pamalo amodzi. Ndimaigwiritsa ntchito ndikafuna kuona msanga ngati chithunzi chili ndi tsogolo ndisanatayepo nthawi.

Mu Photoshop mukhoza kusankha mtanda uja n'kuuza Content-Aware Fill kuti idzaze. Imathandiza poyambira, koma imakonda kubwereza tizidutswa, ndiye muziyang'anitsitsa ndi kukonza pamanja.

Ngati mukujambula texture ndi dzanja osati kuchokera ku kamera, Krita ndiyo yabwino. Yatsani View > Wrap Around Mode, chithunzi chiyalika chokha mbali zonse, ndipo burashi ikatuluka kumanja imalowera kumanzere mukuona. Palibe Offset, palibe mtanda. Ngakhale pa zithunzi za kamera, ndimakonda kumalizira mu Krita chifukwa kubwerezeka kumaoneka nthawi yomweyo pamene ndikupaka.

Kusunga

Sungani kaye fayilo yogwirira ntchito, XCF mu GIMP, PSD mu Photoshop, KRA mu Krita. Yogwiritsa ntchito itulutseni ndi File > Export As ngati PNG. JPEG imapanikiza chithunzi m'timabokosi ta mapikiselo 8 ndi 8 n'kutayako zina, ndipo mukaisunga mobwereza zilema zimaunjikana, pena mpaka kamzere kamabwereranso m'mphepete. Ngati tsamba la intaneti likufuna fayilo yopepuka, tulutsani JPEG kamodzi kokha kuchokera ku PNG, pa quality yokwera, muyalenso kuti muone.

Mukamaliza kuchotsa msoko, samalani ndi Scale, Blur ndi Sharpen. Zida zimenezi zimawerengera pikiselo iliyonse poyang'ana anzake oyandikana nayo, koma zikafika m'mphepete sizidziwa kuti mnzake wa pikiselo ya kumanja ali kumanzere. Zotsatira zake ndi kamzere kowonda kamene panalibe. Ngati mukufunadi kuchepetsa texture ya 1024 kukhala 512, iyaleni katatu mbali zonse kuti ikhale 3072, chepetsani kufika 1536, kenako dulani bokosi la pakati la 512 kuyambira pa 512 ndi 512.

Nthawi zina texture imakhala bwinobwino mu GIMP koma mu pulogalamu ya 3D m'mphepete mukuoneka mizere yokokeka. Musathamangire kukonzanso chithunzi. Onani kaye ngati pulogalamuyo yauzidwa kubwereza: mu Blender, node ya Image Texture ikhale pa Repeat, mu Unity, pulogalamu yopangira masewera, Wrap Mode ikhale Repeat osati Clamp. Ngati mukufuna normal map (chithunzi chouza pulogalamu ya 3D malo otukuka ndi olowa) kapena roughness map (chouza malo onyezimira ndi osanyezimira), zipangeni kuchokera ku chithunzi chomalizidwachi, kuti miyala imene munasuntha ikhale pamalo amodzi m'mafayilo onse.

Pa dzina la fayilo lembanipo kukula kwa malo enieni amene chithunzi chikuimira, mwachitsanzo udzu_2m_1024.png. Pakatha miyezi itatu simudzakumbukira ngati udzuwo unali wa mita imodzi kapena ziwiri, ndipo mukadzauyala molakwika pafupi ndi chitseko, tsamba lililonse lidzatalika ngati mkono wa munthu.